Akazi Awiri a Mwezi

Kwa zaka zoposa makumi awiri mayi anga ankayenda m'bandakucha atazolika mutu. Njira yochoka pakhomo pathu kupita kumunda wawo wa mpunga ku Likangala imaloza kum'mawa, kunyanja, ndipo aliyense woyenda njira imeneyo tambala atalira kachiwiri amayang'anizana ndi thambo, afune asafune. Iwo ayi. Ankayang'ana zala zakumapazi mpaka kukafika. Poyamba ndinkati akuopa kuponda njoka. Ndinadzazindikira mochedwa kuti ankazemba nyenyezi.

Nyenyezi yowala ya m'bandakucha ija, kusukulu ndi kutchalitchi timaitcha Nthanda. Koma akuluakulu a kuno kwathu m'mphepete mwa Chilwa ali ndi nkhani yawoyawo. Amati mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wake mmodzi amakhala kumadzulo, chakuphiri la Zomba, ndiye nyenyezi yowala imene imaoneka dzuwa likangolowa. Dzina lake ndi Puikani. Mwezi umafika kwa iye uli wochepa ngati chikhadabo, iye n'kuudyetsa mpaka unenepe. Mkazi winayo amakhala kum'mawa, pamwamba pa nyanja, ndipo ameneyo ndi Chekechani. Mwezi ukamayandikira kwa iye umangoonda tsiku ndi tsiku mpaka kufa. Ndi mkazi waulesi, wouma manja, wosadziwa kusunga mwamuna.

Tsono bambo anga nawonso anali amitala. Mayi ndiwo anali aakulu, kuno kunyanja. Mayi aang'ono anali kumtunda, mbali ya kuphiri, kumadzulo kwathu. Bambo anali msodzi. Ikakhala nthawi yakwathu, ankatha masabata awiri kapena atatu ali pachimbowera, kanyumba koyandama kaja ka pakati pa nyanja, akukoka matemba usana ndi usiku, udzudzu ukuwamwa magazi. Potuluka amakhala mafupa okhaokha. Akagulitsa nsomba ankamanga thumba pakaliyala ya njinga n'kupita kumtunda kukapuma, ndipo pobwerako masaya amakhala atadzaza, khungu lili see.

Amene anaona kufanana kwake ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo, munthu wa pakamwa poterera amene mpaka lero sangaone nkhuku ikudutsa osaipatsa dzina. Ananena pachinkhoswe china, anthu ali odzaza: “Achimwene akachokera kwa Puikani ndiye timawazindikira. Akagona kuno kwa Chekechani timachita kufunsa kuti mlendoyu ndani.” Anthu anagwa nako kuseka. Dzina linamata tsiku lomwelo. Bambo anadzamwalira ine ndili Fomu 2, atadwala nthawi yaitali, ndipo anamwalirira m'nyumba ya mayi ataonda zomvetsa chisoni. Pamaliro ndinamva ndi makutu angawa mayi wina kuseri kwa khitchini akuti, “Chekechani wamaliza ntchito yake.” Mayi anali pafupi, akutsuka mbale. Sanatukule mutu, ndipo kuyambira pamenepo sanautukulenso m'bandakucha.

Ine ndine mphunzitsi wa Sitandade 6, ndipo nyumba yanga ili pakhomo pomwepo, kuseri kwa ya mayi. Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri, ahedi anandipatsa bokosi la kalabu yathu ya zachilengedwe kuti ndikasunge kunyumba, poopa akuba. M'bokosimo munali telesikopu yaing'ono ya miyendo itatu imene alendo ena anatisiyira kuti ana azionera mbalame zakudambo. Pansi pake panali kabuku kong'ambika chikuto, kophunzitsa munthu wongoyamba kumene kuyang'ana zakumwamba. Zaka zitatu ndakhala ndikuonetsa ana akakowa ndi atsekwe, koma sizinandifikepo m'mutu kuti chinthucho chingalozenso m'mwamba.

Tsiku loyamba ndinaloza mwezi. Ndinakuwa ngati ndapsa ndi phala! Mwezi umene ndakhala ndikuuona wosalala moyo wanga wonse unali ndi maenje, mapiri, zigwa, mithunzi yake ili bii m'mphepete. Ndinachotsa diso, kuyang'ana ndi maso okha, kubwezeranso diso pagalasi, kenaka n'kuseka ndekha pabwalo ngati wamisala. Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wosathandiza pakhomo. Ndiwo zinkapserera. Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kamene ndi maso timawerenga zisanu ndi imodzi, m'galasi zinali zochuluka zosawerengeka. Akamwiniatsatana, atatu ondondozana aja, ndinkawaperekeza mpaka akalowe kuseri kwa phiri. Mlalang'amba umene ndinkati ndi utsi chabe, kani ndi nyenyezi zokhazokha zothithikana. Khosi linkauma, udzudzu unkandichita phwando, ine osamva kanthu.

Ndiye tsiku lina, ndikuwerenga kabuku kaja ndi tochi ya pafoni, ndinafika patsamba limene linandiimitsa mtima. Linkanena kuti nyenyezi yowala ya madzulo ndi nyenyezi yowala ya m'bandakucha ndi chinthu chimodzi. Ndiponso si nyenyezi n'komwe, ndi dziko lina lozungulira dzuwa ngati lathuli, limene m'mabuku amati Venasi. Miyezi ingapo limaonekera kumadzulo, kenaka limadutsa pakati pa ife ndi dzuwa, n'kukatulukira kum'mawa. Ndinawerenga katatu. Kenaka ndinathamanga wopanda nsapato kukagogoda kwa mayi.

“Mayi, tsegulani! Puikani ndi Chekechani ndi munthu mmodzi!”

Anatsegula pang'ono, atadziphimba chitenje kumutu. Mayi akafuna kundiika pamalo panga amanditchula udindo.

“Aphunzitsi, mwadya koma?”

“Ndadya. Taonani apa, analemba. Kulibe akazi awiri. Ndi mmodzi yemweyo, amangosamuka.”

Anayang'ana bukulo osaligwira. “Amene analemba zimenezi anakwatiwapo pamitala?”

Chitseko chinatsekedwa. Ndinaima panja mtima ukugunda, theka chimwemwe theka mkwiyo. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo ndikadziwa kuti ndikunena zoona ndimakhala wotopetsa. Koma usiku umenewo sindinkafuna kupambana mkangano ayi. Ndinkafuna mayi anga avule dzina lija asanafe. Anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, maso atayamba kuchita chifunga, ndipo ndinkadziwa kuti ndikachedwa sadzaona chimene ndikufuna kuwaonetsa.

Mawa lake madzulo ndinachita zimene ndimachita m'kalasi. Ndinaika nyali pamtondo pakati pa bwalo, ndinati ili ndi dzuwa. Mayi ndinawakhazika pampando, ndinati inu ndinu dziko lathu. Ine ndinanyamula lalanje n'kuyamba kuzungulira mtondo uja. “Onani, pano ndili kumanzere kwa nyali, ndine Puikani. Tsopano ndikudutsa kutsogolo kwanu, simukundiona bwino chifukwa nyali ikukuthobwani. Pano ndatulukira kumanja, ndine Chekechani. Lalanje ndi lomweli!” Ndinazungulira kanayi, thukuta lili kamukamu. Mayi anangoti, “Mukamaliza kuvinako mundigawireko lalanjelo.”

Koma chidwi chinawagwira ndithu, chifukwa patapita masiku angapo, dzuwa litangolowa, ndinawapeza ataima pafupi ndi telesikopu manja ali kumbuyo. Puikani anali ngwee pamwamba pa phiri la Zomba, wowala kuposa chilichonse kumwambako.

“Tandionetsani mkazi wabwinoyo,” anatero. “Ndimuone nkhope.”

Ndinakonza galasi. Ndinawaphunzitsa kutseka diso limodzi ndi chikhatho komanso kusagwira miyendo ya chipangizocho. Anawerama nthawi yaitali.

“Mwalakwitsa, aphunzitsi. Uwu ndi mwezi.”

“Mwezi sunatuluke lero, mayi. Yang'anani kumwamba konse.”

Anayang'ana, n'kubwereranso pagalasi. M'menemo Puikani sanali kadontho ngati nyenyezi zina. Anali kamwezi kakang'ono kowala mbee, kopindika ngati bwato, nyanga zake zitaloza m'mwamba. Ndinafotokoza mothamanga kuti alibe kuwala kwakekwake, amawala mbali yokhayo imene yayang'ana dzuwa, ndipo akamayandikira kudutsa pakati pa ife ndi dzuwa timangoona kachidutswa. Sindikudziwa ngati anamva. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba kumene ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali.

“Puikani wake ndi ameneyu? Woonda chonchi? Nanga zakudya zonse zija amapita nazo kuti?”

Ndinaona mpata, ndinalowa. Ndinati masabata angapo akubwerawa azitsika tsiku ndi tsiku mpaka asowe kuseri kwa phiri. Pakatha masiku osapitirira makumi awiri adzatulukira kunyanja m'bandakucha, nkhope yake yomweyi, nyanga zomwezi. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku limenelo adzatukule mutu n'kuyang'ana.

Kuseka kunatha. Anapukuta diso ndi nsonga ya chitenje.

“Akatuluka ndisanamalize kumweta mpunga wanga, ndidzayang'ana. Mpunga ukalowa m'nyumba, nkhani yatha. Musadzandidzutsenso ndi zimenezi.”

Ndinavomera msangamsanga ngati munthu wogula mbuzi yotsika mtengo. Ndinawerengera m'mutu: mpunga unali utayamba kuweramitsa ngala, kumweta kunali kumayambiriro a Juni. Kabuku ndi foni zinkagwirizana kuti nthawi yake ndi yomweyo. Ndinagona ndikumwetulira.

Sabata isanathe zinthu zinasokonekera. Mayi ankalawirira kumunda kukaingitsa mbalame, ndipo tsiku lina anabwerako dzuwa lili pamutu nkhope ili gwa.

“Buku lanu lija ndi labodza. Chekechani alipo. Ndamuona lero.”

“Mwamuona bwanji, inu simuyang'ana kumwamba?”

“M'madzi a mungalande. Ndimayenda choyang'ana pansi, iye ali m'madzimo akundiyang'ana. Dzulo lomweli madzulo Puikani anali kuphiri. Munthu mmodzi angagone nyumba ziwiri usiku umodzi?”

Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti bambo ankatha, koma ndinadziluma lilime. M'bandakucha wotsatira ndinanyamula telesikopu n'kuwatsatira mpaka pachulu chachikulu cha m'mbali mwa ngalande. Zoonadi, pafupifupi pamutu penipeni panali nyenyezi yowala kwambiri. Foni inandiuza kuti ndi Jupita, dziko linanso, lalikulu kuposa onse. Nditaliika m'galasi ndinaiwala mkangano wonse, ndinalumpha. Linali lozungulira ngati kandalama kachitsulo, ndipo pambali pake panali timadontho tinayi titandanda mzere umodzi, miyezi yakeyake! Ndinakokera mayi pagalasi ndikufuula kuti onani, uyu ndi wina, alibe nyanga, ali ndi miyezi inayi yomuzungulira.

Anayang'ana, chifukwa galasi silinali kumwamba, linali pansi pa mphuno yawo. Anawerenga ndi milomo.

“Anayi,” anatero motsitsa. “Ana anayi akumutsatira, mwamuna palibe. Nanga ine ndili ndi angati?”

Ife tinabadwa anayi. Chipangizo chimene ndinabweretsa kuti chiwavule dzina chinali chitangowasokerera dzinalo pathupi. Ndinakalipa, ndikuvomera. Ndinanena mawu akuti n'chifukwa chake anthu osapita kusukulu amavuta, ndipo ndisanatseke pakamwa ndinali nditachita kale manyazi. Mayi anatola chigubu chawo choopsezera mbalame n'kulowa mumpunga.

Ndinaganiza tsiku lonse kuti mboni imene mayi angaikhulupirire ndi iti, popeza buku analikana. Yankho lake silinandisangalatse. Ndinakwera njinga kupita kumudzi woyandikana nafe, kufupi ndi doko, kwa azakhali. Ndinawapeza akutembenuza matemba pathandala.

“Azakhali, Chekechani munamuona liti komaliza?”

“Dzana, kuchigayo. Bwanji, akudwala?”

Magazi anandithamangira kumutu. Zaka zonsezi, ndipo kwa iwo dzinalo linali lidakali la mayi anga, losavuta kutchula ngati mchere.

“Ndikunena wakumwamba.”

“Aaa, ameneyo? Miyezi ino kulibe. Funsani msodzi aliyense padokopa.”

“Nanga yowala ija imakhala pamutu m'bandakucha?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati mlamba uli ndi nthenga. “Mwana wa msodzi iwe, sukulu inakuphunzitsa chiyani? Chekechani sakwera pamutu. Amakhala m'munsi, chakunyanja, dzuwa lili pafupi kutuluka. Yapamutuyo ndi ina.”

Ndikanatha kuwapsompsona ndi kuwamenya nthawi imodzi. Ndinapalasa njinga ngati ndikuthawa ng'ona. Kunyumba ndinayamba ndi kupepesa chifukwa cha mawu anga a m'mawa, nditagwada, kenaka ndinapereka umboni uja liwu ndi liwu. Mayi anapitiriza kusankha nyemba.

“Mwakafunsa kwa mwini dzina?”

“Eya.”

“Ameneyo za Chekechani sangalakwitse,” anatero. Ndinadziwa kuti pangano lathu lidakalipo.

Masabata otsatirawo ndi amene ndimawakumbukira ndi chimwemwe chachikulu. Madzulo alionse ndinkaimika telesikopu pachulu paja, ndipo Puikani ankatsika, tsiku lililonse pafupi ndi phiri kuposa dzulo lake. M'galasi ankakula koma akuonda, mpaka anatsala ngati ulusi wopindika. Anthu ochokera kuminda ankaima, makasu ali paphewa, kuti aoneko. Anansi athu achisilamu atafika kumapeto kwa kusala kwawo anabwera pachulu pomwepo kudzasaka mwezi watsopano, ndipo titaupeza, woonda, uli chapafupi ndi Puikani, panali chisangalalo ngati tagoletsa chigoli tonse. Mayi ankabwera mochedwa, ngati akungodutsa. Ankayang'ana kamodzi, n'kunena kuti, “Waondanso,” basi n'kumapita.

Kenaka tsiku lina kunalibe. Ndinafufuza m'kufiira konse kwa pamwamba pa phiri mpaka mdima, osapeza kanthu. Ndinatenga choko n'kulemba mzere woyamba wowerengera masiku pachitseko changa.

Mzere wachisanu ndi chimodzi, tinayamba kumweta. Mzere wachisanu ndi chitatu, kunagwa chiperoni. Amene sanakhaleko kuno sangadziwe mkwiyo umene ndinali nawo. Mitambo yotuwa inachokera chaku Mulanje n'kuphimba nyanja yonse, kamvula kowaza, mphepo yolowa m'mafupa. Ndinkadzuka folo koloko, kunyamula chipangizo changa nditachikulunga m'pepala lapulasitiki, kukakhala pachulu ndikunjenjemera, kum'mawa kuli mbuu. Ndinkadziwa kuti ali kuseri kwa mitamboyo. Foni inkandionetsa malo ake enieni, kumpoto pang'ono kwa chilumba cha Chisi. Koma mayi anga sakanayang'ana foni.

Ndipo mpunga unkatha. Kamvulako sikankaletsa kumweta, ndipo mayi ndi zenga m'manja sadziwa ukalamba. Ine, amene ndinkawathandiza, ndinayamba kugwira ntchito ngati kamba wodwala. Ndinkanola zenga kawirikawiri, kupita kukamwa madzi, kumanga mtolo n'kuumasulanso.

“Aphunzitsi,” anandifunsa osandiyang'ana, “labuntha ndi zenga kapena mwini wake?”

Tsiku la mzere wa khumi ndi chimodzi tinafika kumapeto. Kunatsala kachigawo kamodzi m'mbali mwa ngalande, kotalika ngati mphasa zitatu, ntchito yosatenga ngakhale theka la ola. Ndinaima ndi zenga langa nditataya mtima. Mayi anathyola ngala imodzi, anaifikisa m'manja, analuma kambewu kamodzi. Ndinamva kulira kwake ndili poteropo, kouma gwa.

“Uwu sunache,” anatero. “Tiusiye kaye.”

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, poti kutsutsa ndi matenda anga, koma ndinatseka msanga. Tinabwerera kunyumba. Masiku atatu kachigawo kaja kanaima kokha m'munda wometedwa, mpheta zikudya mosangalala, anthu odutsa akufunsa ngati mayi akudwala. Mayi amene amatola kambewu kamodzi kakagwa pabwalo ankangoyankha kuti sunache.

Usiku wa mzere wa khumi ndi chinayi mphepo inatembenuka. Nditatuluka panja folo koloko, kumwamba kunali kotsukidwa, nyenyezi zili waliwali mpaka pansi. Ndinathamangira kuchulu. Kuzizira kwake kunali koluma zala, moti ndinavutika kumanga miyendo ya telesikopu. Kum'mawa kunayamba kuyera, kenaka kufiira. Chisi anaoneka wakuda bii pamwamba pa mabango. Ndinayang'ana kumanzere kwake mpaka maso kutuluka misozi. Palibe. Atambala ankalira mudzi wonse. Ndinayamba kudzifunsa ngati kabuku kong'ambika kaja sikanandinamize, ngati sindinadyetse mpheta mpunga wa mayi pachabe.

Ndiye ndinamuona. Kadontho koyera, m'munsi kwenikweni, m'kati mwa kufiira muja. Ndinaloza galasi, ndinamutaya, ndinamupezanso. Kabwato kaja! Nyanga zija zitaloza m'mwamba!

Sindikumbuka mmene ndinafikira kunyumba. Patapata imodzi inatsala m'matope ndipo sindinaipezenso. Ndinamenya chitseko ndi manja onse awiri. “Mayi! Watuluka! Fulumirani, dzuwa likatuluka ndiye basi, galasi silingayang'ane kumeneko, lingakuotcheni diso!”

Anali atadzuka kale, atavala. Koma mayi ndi mayi. Anayamba asukusula kumaso. Anamanga mpango, anaumasula, anamanganso. Anabwerera kukatenga zenga. Ine ndinkapondaponda pabwalo ngati mwana wofuna kutaya madzi. Panjira ndinkatsogola n'kubwerera, kutsogola n'kubwerera, iwo akuyenda mwakachetechete, maso ali pa zala zakumapazi monga mwa masiku onse.

Pofika pachulu kunali kutayera kwambiri, ndipo Nthanda anali atakwera pang'ono, wotumbululuka koma akuonekabe. Ndinamuikanso pakati pa galasi n'kupatuka. Mayi anaika zenga pansi. Anatseka diso lamanzere ndi chikhatho monga ndinawaphunzitsira, n'kuwerama.

Ndinawerenga kupuma kwanga. Bwato lina linkadutsa patali, munthu akulikankha ndi nsungwi. Mayi sanasunthe.

“Ndi yemweyo,” anatero pamapeto pake, mawu ali pansipansi. “Nyanga zake zomwe zija. Kuonda komwe kuja.”

Kenaka anaweramuka, anachotsa chikhatho kumaso, n'kutukula mutu. Anayang'ana kum'mawa ndi maso awo okha, nthawi yaitali, chibwano chili m'mwamba. Ine ndinkalira poyera, mamina ndi misozi, mphunzitsi wathunthu. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndidzanene pa nthawi imeneyi, za dzuwa ndi njira za maiko, koma onse anathawa.

“Iwe,” anandiitana, ndipo sanati aphunzitsi. “Thumba lija bambo ako ankamanga pakaliyala popita kumtunda, unkati munali chiyani?”

“Nsomba.”

“Nsomba ankagulitsa padoko. Munali mpunga wa m'munda uno. Kumtunda kuja chimanga chimatha mvula isanagwe, ndipo mkazi mnzanga anali ndi ana aang'ono. Ndinkapuntha ndekha, kupeta, kusoka thumba. Akadzabwera masaya atadzaza, ndinkadziwa kuti wafika bwino.”

Ndinakhala pansi pachulu pomwepo, pamame.

“Nanga bwanji simunanene? Tsiku lachinkhoswe lija, kapena pamaliro? Mawu amodzi okha!”

“Ndikanene kuti mnzanga amadyetsa mwamuna ndi mpunga wopempha? Akanayenda bwanji pakati pa anthu?” Anatola zenga lawo. “Dzina loipa linali limodzi. Ndinaona kuti ine ndi amene ndingalinyamule.”

Anatsika chulu, analowa m'kachigawo kaja n'kuyamba kumweta zimene mpheta zinasiya. Ine ndinaphimba galasi chifukwa dzuwa linali litayamba kusuzumira. Mwezi wathunthu ndinavutika, kuvina ndi lalanje, kukalipa, kuzizidwa, kuti ndiphunzitse mayi anga kuti wodyetsa ndi woondetsa ndi mkazi mmodzi. Iwo anali akudziwa kuyambira ndisanalowe Sitandade 1. Chimene sankadziwa n'chakuti kumwamba nakonso zili choncho.

Patatha masiku angapo ndinamva kugogoda pawindo langa kudakali mdima. Anali mayi, atafunda bulangete.

“Aphunzitsi, mukugona mpaka liti? Tulukani muone.”

Ndinafuna kutenga telesikopu koma anati ndisiye. Tinaima pabwalo poyang'ana kunyanja. Nthanda anali atakwera bwino tsopano, wowala ngwee, ndipo pamwamba pake pang'ono, pafupi kwambiri moti ukanawaphimba onse awiri ndi chikhatho, panali mwezi wotsala masiku awiri kuti ufe. Unali woonda kuposa mmene ndinauonerapo, kachikhadabo chabe.

Mayi anauyang'ana monga ankayang'anira bambo akamatsika m'bwato. Anakonza bulangete paphewa, anaweramitsa mawondo pang'ono mwaulemu, n'kulankhula mokweza ndithu, moti galu wa anansi anayamba kuuwa.

“Mwafika, bambo? Mwaondatu. Koma si ine.”